Mau a pa Msonkhano wa Caka: Za Ofufuza Ofika m'Masukulu



M'caka ca 1939, ku Davenport m'dziko la America, ophunzira a pa Yunivesite ya Iowa anayesa ana amasiye 22 pofuna kudziwa gwero la cibwibwi. Ana 6 amene analankhula bwino lomwe anauzidwa kawirikawiri kuti ayamba cibwibwi, kufikira anacita manyazi ndi kuopa kutsegula pakamwa. Panalibe kholo lowanenera. Yunivesiteyo inapepesa m'caka ca 2001, patapita zaka 62.

Cifukwa cace wofufuza ali yense wofika pa sukulu ayenera kusunga mfundo zitatu za m'Lipoti la Belmont la 1979. Yoyamba ndi ulemu: afotokozere makolo colinga cace m'cinenero cao, ndipo mwana akhale ndi ufulu wakukana popanda cilango. Yaciwiri ndi kucita zabwino: asapweteke mwana m'thupi kapena mumtima, asaululenso dzina lace. Yacitatu ndi cilungamo: asathamangire amasiye ndi osauka poona kuti alibe owateteza.

Cilolezo ca mphunzitsi wamkulu sicikwanira pacokha. Pamene palibe kholo, mudzi uimirire, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.