Namwino wamwamuna nayenso amatopa

Mawu amene ndidalankhula pamsonkhano wa anthu a ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu



Pa 14 Juni 1993 tidavotera matipate kuti munthu azilankhula chomuwawa popanda mantha. Funso langa lero ndi ili: kodi ufulu umenewo udalowa m'wodi, kapena udathera pageti pa chipatala?

Ndikunena za namwino wamwamuna. Kale unamwino inkatengedwa ngati ntchito ya amayi, koma tsopano anyamata akuphunzira pamodzi ndi alongo awo m'makoleji monga St Joseph's ku Nguludi, m'boma mwathu momwemuno.

Taonani zimene amakumana nazo. Wodwala wolemera, itanani mwamuna. Woledzera akuchita ndewu usiku, itanani mwamuna. Akalowa kochirira, amayi ena amamukana. Kumudzi ena amamunena kuti adalephera udokotala. Akati adandaule kwa a sisitala, amakumbukira kuti "mwamuna salira", ndiye amangomezera. Mtima wosunga zinthu chotere suwerenga bwino mlingo wa mankhwala, ndipo sumvetsera wodwala mofatsa. Wovutika pamapeto pake ndi inu ndi ine tili pabedi.

Ife a Chiradzulu tikudziwa zimene anamwino angathe. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV m'boma lino. Madokotala adali ochepa, choncho ntchito idapita kuzipatala zing'onozing'ono, ndipo anamwino adaphunzitsidwa kuyambitsa odwala mankhwalawo. Zidatheka chifukwa adawakhulupirira ndi kuwamvera. Mu 2005 boma lidawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti, pofuna kuti asamathawire ku Britain. Ndalama zidathandiza, inde, koma ndalama sizichotsa chipongwe cha pantchito.

Inu amene mudabwerako ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London, mukudziwa kuwawa kotsekedwa pakamwa. Tithandizeni kufunsa zinthu zitatu. Akuluakulu a zipatala azigawa ntchito za usiku ndi zonyamula mofanana. Pazikhala tsiku loti anamwino onse anene zakukhosi popanda kuopa kusamutsidwa. Komiti ya chipatala izimva madandaulo a anamwino monga imamvera a odwala.

Ndipo ife tikapita kuchipatala, tiyambe ndi moni tisanayambe kukalipa. Mutu umodzi susenza denga.