NSAPATO ZA AMUNA: KUGULA DZINA KAPENA KUGULA MSOKO

Nkhani ya lero inena za nsapato za amuna. Ena adzati nkhani yotere njacabe, yoyenera anyamata a matama okha, koma siziri tero ai. Mnyamata wa ku Chilenje amene aitanidwa kukayesedwa nchito adziwa kuti bwana adzamyang'ana kumapazi asanatsegule makalata ace a sukulu. Mkamwini wokaonekera kwa apongozi adziwanso cimodzimodzi. Cifukwa ca ici amuna ambiri ataya malipiro a mwezi wathunthu pa nsapato, ena alowa m'ngongole ya kaloba, ndipo mvula yoyamba ikagwa azindikira kuti anagula dzina lokha, lolembedwa pa cikopa cabodza.

Makolo akale anali kuyenda pansi. Pa ulendo wa minga anali kubvala nkhwaira za cikopa ca nyama, ndipo atabwera magalimoto anthu anayamba kusema nkhwaira za matayala. Nsapato yeniyeni inafika pamodzi ndi sukulu ndi nchito ya malipiro. Chilenje anamangidwa m'zaka za m'ma 1940 kuti mukhale anthu akuda ogwira nchito mu Lusaka, monga makalaliki, amesenjala ndi aphunzitsi, ndipo kwa amenewa nsapato inali cizindikiro ca munthu wophunzira. Amuna obwerera ku Joni anadza ndi maina acilendo, Florsheim ndi Crockett & Jones, amene anyamata a ku Johannesburg anali kunyadira. Koma nsapato imene inalowa m'nyumba zambiri ndi ya Bata, kampani imene Tomáš Baťa anaiyamba mu 1894 ku Zlín, m'dziko limene lero lichedwa Czech Republic. Kampaniyi inatsegula fakitale ku Gwelo, kumene tsopano ati Gweru, mu 1939, ndipo irinso ndi fakitale yace mu Lusaka muno. Pa zaka zimene Kenneth Kaunda anakhala m'nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, kuyambira 1960 kufikira 1962, mwamuna waulemu anali kukhutira ndi nsapato yakuda ya zingwe, yopukutidwa bwino. Masiku ano mitundu yacuruka, ndipo wogula ayenera kuidziwa.

Mtundu woyamba uchedwa Oxford. Mbali ziwiri zopitamo zingwe zisokeredwa pansi pa cikopa ca kutsogolo, kotero kuti nsapato ikamangidwa itsekeka ndithu. Imeneyi ndiyo ya suti, ya ukwati ndi ya ku bwalo la milandu. Waciwiri ndi Derby, umene mbali zace zisokeredwa pamwamba ndipo zitseguka momasuka. Umenewu uyenera munthu wa phazi lalikuru kapena lotukuka pamwamba. Wacitatu ndi brogue, wa tizibowo tambiri tokometsera. Anena kuti poyamba zibowozo zinali zoturutsira madzi, pakuti nsapatoyi inacokera kwa alimi a m'madambo a ku Ireland ndi Scotland. Pali loafer, yopanda zingwe, yongolowetsa phazi. Pali jombo yaifupi ya Chelsea, yokhala ndi mphira wotanuka m'mbali. Potsiriza pali nsapato zamasewera, zimene kale munthu sakadalowa nazo m'chalichi kapena mu ofesi.

Tsono ndani alamulira kuti caka cino amuna abvale mtundu wakuti? Mau ace acokera kutali. Kawiri pa caka, mu January ndi mu June, makampani ochuka a zobvala aonetsa zatsopano zao ku Milan ndi ku Paris. Zoonetsedwazo zifika m'masitoro akuru a anthu acuma, monga Harrods ndi Selfridges ku London ndi Galeries Lafayette ku Paris, mmene nyumba imodzi igulitsa maina ambiri pamodzi. Kufupi kuno, olemera akwera ndege kukagula ku Sandton City ku Johannesburg. Kampani ya Gucci inaturutsa loafer yace ya kacitsulo konga ka pakamwa pa kavalo mu 1953, ndipo igulidwabe kufikira lero. Christian Louboutin adziwika ndi nsapato zofiira pansi. Mu 2017 kampani ya Balenciaga inaturutsa Triple S, nsapato yamasewera ya pansi pocindikala modabwitsa, ndipo mu 2018 a Louis Vuitton anaika Virgil Abloh, mwana wa makolo a ku Ghana, kukhala mkuru wa zobvala za amuna. Iye anamwalira mu 2021. Pa zaka zimenezo nsapato yamasewera inakwera mtengo ndi ulemu kulingana ndi ya cikopa. Omvera azindikire cinthu cimodzi: makampaniwa apindula pamene cinthu ca caka catha cioneka cacikale. Kusinthasintha kumeneku ndiwo malonda ao.

Zithunzi za nsapato zimenezi zifika pa telefoni ya mnyamata wa ku Matero tsiku lomwelo zioneka ku Milan, koma thumba lace siliri la ku Milan. Iye ali nazo njira zitatu. Yoyamba ndiyo sitoro, kapena ya mu Cairo Road, kapena ya ku Manda Hill, malo a masitoro amene anatsegulidwa mu 1999, kapena ya ku East Park. Kumeneko mtengo ngwolembedwa, wogula alandira risiti, ndipo nsapato ikapezeka ndi cirema ali nako kobwerera. Yaciwiri ndiyo salaula, imene ku Malawi ati kaunjika. Malonda amenewa anakula kwambiri pambuyo pa 1991, boma litamasula njira zolowetsera katundu m'dziko. M'mabelo ocokera ku Ulaya ndi ku America mupezeka nthawi zina nsapato yeniyeni ya ku Northampton, mzinda wa ku England umene a Church's anayambiramo mu 1873 ndi a Crockett & Jones mu 1879. Munthu wodziwa kusankha pa msika wa Chilenje kapena wa Soweto angathe kutola nsapato imene idzamfikitsa zaka zambiri.

Njira yacitatu ndiyo yobvuta, ya nsapato zimene anthu a mu Lusaka ati gong'a. Izi nzatsopano, zonyezimira, ziri m'bokosi lokongola, ndipo dzina lalikuru lalembedwa poonekera. Koma nsapato imene ku London igulidwa ndi malipiro a miyezi ingapo ya mphunzitsi wa kuno siingagulitsidwe yatsopano pa thebulo la mumsika pa mtengo wa matumba awiri a ufa. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cikopa cace ndi nsaru yopakidwa pulasitiki, imene isweka pamene phazi lipindika, ndipo pansi pace pamamatizidwa ndi guluu yekha.

Apa mpamene nthaka ya Lusaka iweruza mlandu. Nsapato za m'masitoro a ku Paris zambiri zipangidwira munthu woturuka m'galimoto ndi kuponda pa kapeti. Mwamuna wa ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere ayenda m'pfumbi kuyambira August kufikira October, ndi m'matope kuyambira November kufikira March. Ku Kanyama, kumene dziko liri lathyathyathya ndipo thanthwe liri pafupi, madzi a mvula aima m'njira masiku ambiri. Guluu akanyowa kawiri katatu amasuka, ndipo nsapato iyasama kukamwa. Ngakhale nsapato yeniyeni ya pansi pa cikopa copyapyala imwa madzi ndi kutha msanga pa miyala. Cifukwa cace amuna anzeru a m'makomboni anyamula nsapato ya nchito m'thumba, nayenda ndi jombo ya mphira kufikira pa tara.

Wogula ayang'ane zinthu zinai. Coyamba ndico msoko. Atembenuze nsapato, aone ngati ulusi uzungulira m'mphepete, ndipo acotse kansaru ka m'kati kapena akande ndi cikhadabo kuti adziwe ngati ulusiwo ngweniweni, pakuti opanga gong'a aumba cithunzi ca ulusi pa mphira. Kasokedwe kolimba koposa kachedwa Goodyear, potsata dzina la Charles Goodyear wamng'ono, mwini makina amene anafala m'zaka za m'ma 1870. Pa kasokedweka kalamba ka cikopa kasokeredwa ku nsapato, ndipo pansi pace pasokeredwa ku kalambako. Pansipo pakatha, mmisiri apadula nasokerapo pena osaononga pamwamba. Caciwiri ndico cikopa. Cenicenico ciri ndi tizibowo ta ubweya tosalingana, cinunkha cikopa, ndipo cikasindikizidwa ndi cala cicita makwinya ang'onoang'ono. Cacitatu ndico cidendene: cikhale colimba, ndipo pa nsapato ya salaula wogula aone ngati mwini woyamba sanacipendeketse. Cacinai ndiwo muyeso. Manambala a Angerezi ndi a maiko ena a ku Ulaya asiyana: 8 wa ku England alingana ndi 42 wa ku Italy. Ndi bwino kuyesa nsapato madzulo, pamene mapazi atupa pang'ono, ndi kuyesa zonse ziwiri, pakuti anthu ambiri ali ndi phazi limodzi loposa linzace. Wogulitsa akati, "Bwana, idzatanuka," wogula akumbukire kuti cikopa citanuka m'mimba mwace, koma m'litali ai.

Nsapato yabwino ifunanso kusungidwa. Ikanyowa asaiike pa mbaula kapena pa dzuwa lamphamvu, pakuti cikopa cidzauma ndi kusweka. Aikemo manyuzipepala, aiumitse pamthunzi. Acotse matope asanapake polishi. Amene ali nazo ziwiri azibvala mosinthanitsa, kuti thukuta liume. Cidendene cikayamba kudyeka apite nayo msanga kwa wosoka nsapato. Amisiri amenewa akhala pansi pa mitengo ndi m'makonde a misika m'komboni iri yonse, ndipo ambiri a iwo adziwa cikopa koposa mnyamata wogulitsa m'sitoro. Safunsa anadya phula: munthu wosadziwa kusankha acita bwino kufunsa mmisiri wotere asanaturutse ndalama.

Palibe coipa kuti mwamuna afune kuoneka bwino. Ukhondo ndi ulemu kwa anthu okumana nao. Coipa ndico kulanda ana ndalama za sukulu cifukwa ca dzina la mlendo amene sanaionepo nkomwe nsapatoyo. Mwamuna wogula nsapato imodzi yosokedwa bwino, yoyenera phazi lace ndi njira imene ayendamo, adzaibvalabe pamene mnzace wa gong'a ali kugula yacinai ndi ndalama za ngongole.