Wopuma Pantchito Asasowe Womuuza Zakukhosi



Mphunzitsi akapuma pantchito atakwanitsa zaka 60, amabwerera kumudzi, nkumanga nyumba ya malata, anthu nkumati zake zayera. Chimene anthuwo saona nchakuti anzake amene ankadya nawo nkhomaliro kwa zaka zambiri atsala ku Kasungu kapena ku Lilongwe. Kumudzi amalemekezedwa ndithu, ndipo abale amabwera kudzabwereka ndalama ya feteleza, koma palibe womufunsa chimene chikumusowetsa tulo. Munthu waulemu wake chotere amachita manyazi kuulula kuti penshoni yatha mwezi usanafike pakati, kapena kuti mwana amene ali ku Johannesburg anasiya kuimba foni. Amangozisunga mumtima.

Akatswiri a payunivesite ya Harvard ku America akhala akutsatira miyoyo ya anthu kuyambira mu 1938. Anapeza kuti amene anali okhutira ndi ubale wawo ndi anzawo ali ndi zaka 50 ndiwo anali athanzi atafika zaka 80. Bwenzi lomuuza zakukhosi limathandiza thupi limene.

Pa nkhaniyi amayi ali ndi mwayi. Ali ndi Chigwirizano, miphakati ndi banki mkhonde, kumene nkhani za mumtima zimatuluka ndalama zikuwerengedwa. Abambo ambiri atsala ndi bawo yokha, ndipo pa bawo amakamba za mitengo ya fodya ndi ndale, osati za mantha awo. Bambo amene mkazi wake anatsogola ndiye amasowa pogwira kwambiri.

Kusungulumwa kuli ndi ngozi ina. Wokalamba wokhala yekha, wosacheza ndi anthu, ndiye amayamba kulozedwa chala mwana akadwala pamudzi, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, komatu lamulo silingagogode pakhomo la munthu madzulo kudzacheza naye.

Nchifukwa chake makomiti a chitukuko a m'midzi akupemphedwa kuitana anthu opuma pantchito kuti azithandiza kulemba mabuku ndi kuwerengetsera ndalama, poti ubwenzi umayambira pantchito yochitira limodzi. Woperekeza kholo lake kuchipatala cha mishoni cha Madisi asathamangire kubwerera. Akhale nalo pabenchi, alimvere. Ndipo wouzidwa zakukhosi asakazitulutse pamjigo, chifukwa gogo amene chinsinsi chake chamveka pamudzi ponse sadzaululanso china.