Mlendo Wosadziwika M'foni Yanu

Mlendo akafika pamudzi, amfumu sampirikitsa msanga, komanso sampatsa malo asanamfunse kumene achokera. Muzitero ndi foni yanu.

M'foni ya Android muli mapulogalamu ambiri ogwira ntchito mosaoneka. Mukatsegula Settings ndi kuyang'ana pa Apps, mudzapeza maina achilendo. Musachite mantha. Ambiri ndi eni mudzi, monga Google Play services. Mukailetsa imeneyi, zina zambiri zidzaleka kuyenda bwino.

Koma pulogalamu yokayikitsa muifunse zitatu. Choyamba, inachokera kuti? Yochokera ku Play Store iposa imene mnzanu anakutumizirani pa WhatsApp. Chachiwiri, ipempha chiyani? Tochi ilibe chifukwa chowerengera mauthenga anu, m'mene mufikira mbiri ya ndalama zanu za fodya ndi mtedza. Chachitatu, yayesedwa kodi? Mu Play Store muli Play Protect, mlonda amene Google anaika mu 2017. Muuzeni afufuze.

Ikalephera mafunsowa, ichotseni. Mukakayika, yambani mwafunsa wodziwa.

Mafumu, uzani anthu anu zimenezi pabwalo. Tsalani bwino.