Nyali ya "check engine" yayaka pa galimoto yomwe mwangogula: musathamangire kugula zipangizo



Lero tikambirane za nyali ina yachikasu, yooneka ngati chithunzi cha injini, imene imayaka pa dashibodi. Ambiri timangoti "check engine". Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa achinyamata ambiri kuno ku Chiradzulu akugula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, monga Sienta, Vitz, Passo ndi Probox. Ena amaitanitsa ku Japan, galimoto n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ena amagula kwa munthu ku Limbe. Nthawi zambiri ndalama yake imakhala ya ngongole, ya banki m'khonde, kapena yotumiza achimwene ali ku Joni, ndipo cholinga chimakhala kunyamula anthu pakati pa Boma ndi Limbe kuti galimotoyo ibweze yokha ndalamayo. Ndiye tangoganizani, sabata isanathe nyali ija yayaka. Mtima umagunda, eti?

Chimene ndikufuna mutenge lero ndi ichi: nambala imene mashini amakuonetsani imangoloza pomwe muyenera kuyang'ana, sikutanthauza kuti mukagule chipangizo chakutichakuti.

Galimoto zamasiku ano zili ndi kompyuta, ija amakaniko amati kompyuta bokosi. Imalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza mpweya wolowa mu injini, kutentha kwa madzi, komanso utsi wotuluka ku ekizozi. Ikaona kuti china sichili bwino, imasunga nambala n'kuyatsa nyali. Njira imeneyi imatchedwa OBD-II, ndipo ku America inakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira 1996. Pansi pa chiwongolero, cha m'mawondo mwa dalaivala, pali soketi ya mabowo 16 pomwe amalumikiza mashini owerengera. Pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa ELM327 kamene kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndipo mumawerenga ndi pulogalamu ngati Torque kapena Car Scanner. Koma dziwani kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan zimakana kulankhula ndi tizipangizo totchipati. Zikatero si kuti galimoto yanu yafa ayi, pitani kwa makaniko amene ali ndi mashini aakulu.

Nambalayo imayamba ndi chilembo. P ndi za injini ndi giyabokosi, B ndi za thupi la galimoto monga ma airbag, C ndi za kunsi monga mabuleki a ABS, pomwe U ndi za kulumikizana kwa makompyuta a m'galimotomo. Pambuyo pa P pakabwera 0, tanthauzo lake ndi limodzi pa galimoto za mitundu yonse. Pakabwera 1, tanthauzo analiika ndi kampani yopanga galimotoyo, ndiye nambala ya Toyota musaimasulire ndi ya Nissan.

Titenge zitsanzo zitatu zimene mungakumane nazo.

Choyamba ndi P0301. Ikunena kuti silinda yoyamba sikuwotcha bwino mafuta, injini ikudumphadumpha. Vuto lingakhale pulagi, koyilo, injekita, kapena silindayo yatha mphamvu. Musagule makoyilo onse nthawi imodzi. Pa Sienta kapena Vitz silinda iliyonse ili ndi koyilo yakeyake. Makaniko asinthanitse koyilo ya silinda yoyamba ndi ya yachiwiri. Nambala ikasintha n'kukhala P0302, mwagwira wakuba: ndi koyilo imodziyo basi. Ikakhalabe P0301, koyilo ilibe mlandu, yang'anani pulagi ndi zinazo.

Chachiwiri ndi P0171. Ikutanthauza kuti mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa mafuta. Ambiri amathamangira kugula oxygen sensor, pomwe sensayo ikungonena zoona. Kawirikawiri pamakhala paipi yong'ambika imene ikuyamwa mpweya pambali, kapena sensa yoyeza mpweya yadetsedwa ndi fumbi, kapena pampu ndi fyuluta ya mafuta sizikukankha bwino. Inu mukudziwa fumbi la m'misewu yathu ya kumidzi m'chilimwe, komanso petulo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa pa filing'i siteshoni. Yambirani kumeneko.

Chachitatu ndi P0420. Iyi ikukamba za catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi chimene chimayeretsa utsi. Mkati mwake muli zitsulo zodula monga platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake anthu ena amachichotsa kapena kuchikumba mkati n'kukagulitsa. Galimoto imene mwangogula ikaonetsa nambala imeneyi, ikwezeni pa galaja muone ngati ekizozi inadulidwapo n'kuwotchereredwa. Onaninso ngati ekizoziyo sikudontha utsi musanaganize zogula chatsopano.

Tsono mverani apa, chifukwa ndi pomwe ndalama zambiri zimapitira. Kufufuta nambala si kukonza galimoto. Munthu akhoza kulumikiza mashini, n'kudina batani, nyali n'kuzima, inu n'kulipira mukusekerera. Patapita masiku awiri kapena atatu nyali yabweranso. Choipa kwambiri n'chakuti mukafufuta, mumatayanso zimene kompyuta inasunga pa nthawi imene vuto limachitika, monga liwiro la galimoto ndi kutentha kwa injini, zomwe zikanathandiza makaniko. Choncho musanalole wina aliyense kufufuta, jambulani nambalazo ndi foni yanu.

Kwa inu amene simunagulebe, yesani zinthu ziwiri. Tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali ya "check engine" iyenera kuyaka, kenako izime injini ikalira. Ikapanda kuyaka ngakhale pang'ono, mwina wina anaichotsa kapena kuiphimba. Kenako lumikizani mashini muone gawo lotchedwa readiness monitors. Mukapeza kuti zambiri zalembedwa kuti sizinamalize kuyezedwa, ndiye kuti nambala zafufutidwa posachedwa kapena batire inachotsedwa. Sikuti nthawi zonse ndi chinyengo, galimoto yongofika kumene batire imatha kukhala itafa m'njira. Koma funsani wogulitsa, ndipo muiyendetse mtunda ndithu, mwachitsanzo kukafika ku Namadzi n'kubwerera, muwerengenso musanapereke ndalama. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Kodi nyali ikayaka muli pa msewu mutani? Ikangoyaka osathwanima ndipo galimoto ikuyenda bwino, mukhoza kufika kumene mukupita, koma musagone nayo masabata. Ikamathwanima, injini ikudumpha kwambiri ndipo mafuta osapsa akupita ku ekizozi komwe angawononge catalytic converter. Chepetsani liwiro, imani pamalo abwino. Nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ikayaka, musakambirane ndi pasinjala, zimitsani injini pompo.

Mukafika kwa makaniko, mufunseni mwaulemu mafunso atatu: nambala yake ndi iti, mwayeza chiyani kuti mutsimikize, ndipo chipangizo chakalecho ndingachione? Makaniko wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa.

Pomaliza, pempho langa kwa akomiti: kodi sitingasonkhe n'kugula kachipangizo kamodzi ka kalabu, tizibwerekana, ndipo anyamata ndi atsikana ofuna umakaniko aziphunzirirapo? Amene muli ndi galimoto yoyaka nyali, bwerani nayo pa msonkhano wotsatira tidzawerengere limodzi.