Anthu Ozimitsa Moto Usanafike pa Denga

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa maphunziro a cisankho m'midzi ya m'malire



Za kaponyedwe ka voti mwamva kale kwa anzanga: kartau m'manja, dzina m'buku, voti mobisa, inki pa cala. Ine ndadza ndi nkhani ya anthu amene nkhope zao simudzaziona pa pepala lovotera, koma pakapanda iwo cisankho cimatha ndi maliro.

Ife a m'malire sitifuna wotiuza kuti nkhondo ndi ciyani. Pa zaka 16 zija anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ena mwa inu munabadwira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama, pambuyo pa zokambirana za zaka ziwiri zimene anathandizira a Sant'Egidio ndi bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Koma pepala la ku Roma silinafukule mfuti m'maenje momwe zinakwiriridwa. M'caka ca 1995 bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayamba nchito yosinthanitsa zida: wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera. Taganizani za munthu amene ankapita kukagogoda pa khomo la msilikali wakale, kawiri, katatu, mpaka mwini wake atakhulupirira kuti sakamangidwa. Imeneyo ndiyo nchito ndikunenayi.

Moto sunazimiretu ai. Mu Novembala 2000, pa mkangano wa zotsatira za cisankho ca 1999, anthu oposa 80 anafa cifukwa cothinana m'cipinda ca polisi ku Montepuez. Mu 2016 anthu pafupifupi 10,000, ambiri a cigawo ca Tete, anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza. Pambuyo pa cisankho ca 9 Okutobala 2024, mabungwe oyang'anira anawerenga anthu oposa 300 amene anataya moyo pa zionetsero. Ndipo oteteza mtendere naonso amalipira mtengo. A Anastácio Matavel, mtsogoleri wa oyang'anira cisankho ku Gaza, anaomberedwa ku Xai-Xai pa 7 Okutobala 2019, kutatsala sabata imodzi kuti anthu avote. Khoti linapeza apolisi ena olakwa pa mlanduwo.

Tsono kuno kwathu anthu otere ndi ati? Mukuwadziwa. Ndi nyakwawa amene amaitana atsogoleri a zipani zonse pansi pa mtengo kampeni isanayambe, n'kugwirizana nao kuti awa acite msonkhano lero, awo mawa, kuti magulu awiri asakumane pa msika. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ndi katekista amene amakana kuti mbendera ya cipani ilowe pa maliro. Ndi mai amene amalanda cikwanje kwa mwana wake usiku, anzake akumuimbira mluzu panja. Ndi mphunzitsi amene amakhala pa meza yovotera kuyambira mbandakuca mpaka kuwerenga kutatha, ndi nyali imodzi. Ambiri a iwo salandira kanthu. Cimene amalandira kawirikawiri ndi kutukwanidwa mbali zonse ziwiri: awa amati wagulidwa ndi awo, awo amati wagulidwa ndi awa.

Pali mkangano umodzi umene ndi wathu weniweni wa m'malire. Pa mzere wovotera wina amaloza mnzake n'kunena kuti, “Uyu ndi M'malawi, wabwera kudzaba voti.” Mau amenewa ndi maciso pa udzu wouma. Kuno msewu ndiwo malire: munda uli mbali ino, cigayo mbali inayo, apongozi ku Lizulu. Munthu akhoza kubadwira m'msasa wa othawa nkhondo, kulankhula ngati wa ku Ntcheu, koma ali mwana wa dziko la Moçambique. Woweruza nkhaniyi si cibakera. Ngati dzina lake lili m'buku la ovota, a pa meza ndiwo amaona. Ngati mukukayika, uzani nthumwi ya cipani canu kuti ilembetse dandaulo pa meza pomwepo, ndipo likapanda kutha lipite msanga ku khoti la boma, cifukwa masiku odandaulira ndi ocepa.

Nanga inu muwathandiza bwanji anthu amenewa? Mfumu ikaitana msonkhano wa zipani zonse, pitani, ngakhale kuli anthu amene simumwa nao madzi. Mphekesera ikafika pa foni kuti kwakuti apha munthu, musaitumize musanafunse. WhatsApp imathamanga kuposa njinga ya katekista. Wina akakupatsani mowa ndi ndalama kuti mukang'ambe zithunzi za cipani cina, dzifunseni ngati mwana wake weniweni ali m'gululo. Ine sindinaonepo.

Pa tsiku la cisankho, musabwere ndi cida ciliconse, musabwere mutaledzera, ndipo malaya ndi nsalu za cipani muzisiye kunyumba. Kuwerenga kukatha, zotsatira zimalembedwa pa edital ndi kumatidwa poonekera pa malo ovotera, ndipo nthumwi za zipani zili ndi ufulu wolandira kope lao. Werengani manambalawo nokha, muwalembe, muwerengerenso agogo amene maso awafooka.

Tsopano ndipereka mpata wa mafunso. Tiyambe ndi amai, cifukwa mphika ukuwadikira.