Nsalu Nayo Imasunga Mbiri



Ansembe a White Fathers atafika pano pa Mua m'chaka cha 1902, anapeza anthu atayamba kale kusiyanitsa ulemu wa munthu poona chimene wavala. Ambiri ankafunda nyanda yosula kuchokera ku khungwa la mtengo. Angoni ankadziwika ndi zikopa ndi nthenga. Nsalu ya melikano, imene Ayawo ankabwera nayo kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, inali chuma chosowa, ndipo mfumu yokhala nayo yambiri inkakopa anthu poigawa. Choncho akatswiri amene amafufuza za zovala amakhala akufufuzanso za ulamuliro.

Umboni uli pafupi, m'nyumba ya Chamare. Bambo Claude Boucher Chisale, amene anayambitsa Kungoni mu 1976, anasonkhanitsa zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Taonani Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Makolo athu analibe nyuzipepala yodzudzuliramo mlendo wamphamvu, koma anatenga maonekedwe ndi mavalidwe ake n'kupita nawo kubwalo, mudzi wonse n'kuseka.

Boma nalo linadziwa mphamvu ya chovala. Mu 1973 linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika pansi pa mawondo. Nthawi yomweyo mbumba inkavina pamaso pa Ngwazi Kamuzu Banda itavala nsalu ya nkhope yake, ndipo mayi wokana kuivala ankadziwa chimene chikanamugwera. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, koma maganizo ake anatsala: mu Januwale 2012 mavenda ena anavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, akuti poteteza chikhalidwe. Chikhalidwe chake chiti, pamene chitenje chimene timachitcha chamakolo chinabwera ndi amalonda? Ndipo ndi mwambo uti wa Achewa, Angoni kapena Ayawo umene unalolapo mnyamata kuvula mayi pagulu?

Nsalu ya nkhope ya mtsogoleri sinathe ndi chipani chimodzi. Zipani zonse zinaitengera, ndipo pa nthawi ya kampeni imagawidwa mpaka ku Golomoti ndi Mtakataka. Mayi amailandira, amaberekera mwana, amafunda kumaliro, ikatha amapangira nkhata. Yemwe wamuvotera amamudziwa yekha.

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Chigoba tachipezera nyumba, koma nsalu imang'ambika n'kutayidwa kudzala, ndipo agogo amene akudziwa kuti iyi inavalidwa liti, pa msonkhano wa yani, mokondwa kapena mokakamizidwa, akutha mmodzimmodzi. Inu ophunzira muli panowa, mukabwerera kwanu kapempheni agogo akutsegulireni sutikesi yawo. Mukajambule nsalu iliyonse, mukalembe dzina limene amayi anaipatsa ndi chaka chake, ndipo mukawafunse amene anawagulira.